Manda a m'tauni akufunika kaundula

Munthu wa ku Lufita, m'boma la Chitipa, akamwalirira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, abale pasiwa amayamba ndi kuwerengera mtunda. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Chitipa ndi makilomita pafupifupi 700, ndipo wonyamukira ku Blantyre awonjezerepo ena 300. Ngakhale msewu wa Karonga kukwera ku Chitipa uli wa phula tsopano, galimoto, mafuta, kukonza thupi ndi chakudya cha operekeza zimafuna ndalama zimene mabanja ambiri sangazipeze m'masiku awiri. Ndiye chipepeso chikaperewera, mwana wa kwa Mwabulambya amakagona ku manda a ku Area 18, ku HHI, ku Misesa kapena ku Zolozolo, pakati pa anthu amene sanawadziwepo. Manda a m'mizinda yathu si a eni tauni okha. Muli Alambya, Andali, Asena, Ayao, Alomwe, dziko lonse la Malawi. N'chifukwa chake mmene mandawa akusamalidwira ndi nkhani yokhudza ngakhale gogo amene sanapondepo mu mzinda.

Tikamakamba za manda a anthu otchuka, maso athu amathamangira ku ziliza. Kamuzu Banda, amene anamwalira mu 1997, ali ndi chiliza chake pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2006. Bingu wa Mutharika anagona ku Ndata, m'boma la Thyolo, mu 2012. Chakufwa Chihana ndi mayi Rose Chibambo, mayi amene nkhope yawo ili pa K200, anaikidwa ku Heroes Acre ku Mzuzu. Awa sangasowe, pakuti aliyense angakulozere pamene ali. Koma mu mzinda womwewo wa Mzuzu, ku Zolozolo, kunaikidwa ena mwa anthu amene anaomberedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011, anyamata amene analibe udindo kapena chuma. Nawonso ndi mbiri ya dziko lino. Pambali pawo pali aphunzitsi, anamwino, oimba, abusa ndi osewera mpira amene kutchuka kwawo mwina kudzazindikirika adzukulu awo atakula. Chimene chimasunga munthu wotere kuti asatayike ndi dzina lolembedwa pamalo odalirika, lolozera mzere ndi nambala ya mtumbira wake. Ndikuona kuti khonsolo ya mzinda uliwonse iyenera kukhala ndi kaundula wa manda wathunthu, wotseguka kwa aliyense, ndipo ntchito imeneyi ibwere patsogolo pa chiliza china chilichonse chatsopano.

Tikudziwa kale chimene chimachitika dzina likapanda kulembedwa. John Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, ndipo atsamunda anamuika mobisa ku Mulanje, osasiya chizindikiro. Lero tili ndi tchuthi cha pa 15 January, nkhope yake ili pa ndalama, koma palibe mtumbira umene mwana wasukulu angakaikepo nkhata. Anthu a ku Chitipa ali ndi phunziro lina pakhomo pomwe. Ku Karonga, kumene asilikali a Britain ndi Germany anamenyana pa 9 September 1914, kuli manda ankhondo amene bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasamalira, ndipo azungu amene agona mmenemo mayina awo amawerengeka pamiyala mpaka lero, patapita zaka zoposa 100. Nanga asilikali achikuda, nanga amtengatenga amene ankasenza katundu wankhondo m'njira yochokera ku Karonga kudzera ku Fort Hill, dzina lakale la Chitipa? Mu 2021 bungwe lomwelo linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Tinawadzudzula atsamunda pa zimenezi, ndipo tinalondola. Koma taonani mitumbira ya m'manda athu a m'tauni: kachitsulo kolembedwa ndi penti, kapena mtanda wathabwa, dzinja ziwiri zikadutsa penti yafufutika, chiswe chadya thabwa, udzu wakwirira. Ena amazula zitsulozo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Tikuchitira abale athu zimene tinadandaula kuti anachitira makolo athu.

Alipo amene anganene kuti kumanda si kokayenda wamba, ndipo kuwerenga mitumbira ndi kulemba m'buku n'kutengera za eni. Mawuwa ali ndi mutu, chifukwa kumudzi munthu salowa kumanda osapempha kwa mfumu, ndipo mwambo umenewo wateteza mitengo yachilengedwe imene kwina konse inatha. Koma mudzi uli naye kale kaundula wake, wamoyo. Mfumu imadziwa mbali ya banja lililonse, adzukulu amadziwa pamene anakumba chaka chatha, ndipo agogo angakuuze kuti pansi pa mtengo uwo pagona amalume ako. M'tauni mulibe amene amasenza udindo umenewo. Anansi amene ananyamula bokosi amasamuka lendi ikakwera, wogwira ntchito kumandako amapuma, abale ochokera ku Lufita amene anabwera ulendo umodzi wokha amabwerera ndi chithunzi cha m'mutu cha malo amene chaka chamawa adzakhala atazingidwa ndi mitumbira ina mazanamazana. Buku la khonsolo lingagwire mu mzinda ntchito imene mfumu ndi adzukulu amagwira kumudzi, ndipo silichotsa ulemu uliwonse wa kumanda.

Ena adzati ndalama zipite kaye kwa amoyo, ku mankhwala ndi ku miseu. Akadakhala kuti tikupempha nsangalabwi, akadakhala ndi mfundo. Koma chiliza chimodzi cha mtsogoleri chimadya ndalama zambiri kuposa mabuku, kompyuta ndi timiyala ta konkire ta manambala tokwanira manda onse a mzinda. Ndiponso banja loferedwa limalipira kale ku khonsolo kuti lipeze malo, ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 linaika manda m'manja mwa makhonsolo. Wolandira ndalamayo ayenera kupereka zambiri kuposa dzenje. Amoyo nawo amapindula. Mkazi wamasiye amene akutsata chuma cha mwamuna wake, mwana amene wasonkha ndalama zomangira manda a mayi ake patapita zaka khumi, khonsolo imene ikufuna kudziwa kuti malo atsala ochuluka bwanji isanafune ena, onsewa amafuna buku lomwelo. Mizinda yathu ikukula mofulumira ndipo manda akale akudzaza. Pamene palibe mapu, adzukulu amakumba mongoyerekeza, ndipo tsiku lina khasu limagunda bokosi la munthu wina.

Mtsutso umene ndimaulemekeza kwambiri ndi wakuti munthu ayenera kukagona kwawo basi. Aleke Banda anapita ku Tukombo mu 2010, Saulos Chilima ku Nsipe mu 2024, ndipo palibe amene angawalande abale ufulu umenewo. Koma maliro a anthu otere amanyamulidwa ndi dziko. Mlonda wa ku Ndirande wochokera ku Kameme alibe womunyamula, ndipo ana ake amene anabadwira m'tauni, amene Chilambya amangochimva osachiyankhula, adzafuna manda a bambo awo pafupi. Sitingapitirize kuyendetsa manda a m'tauni ngati malo ongodikirira, pamene anthu akugonamo mpaka kalekale.

Poyambira n'posavuta. Maliro alionse olowa pachipata alembedwe tsiku lomwelo: dzina, mudzi, mfumu, boma, tsiku lomwalira, mzere ndi nambala, ndipo banja lipatsidwe chikalata chonyamula kupita nacho kwawo. Za manda akale, mipingo ndi mizikiti ili ndi mabuku a maliro amene angathandize kubweza mayina pamene anafufutika, abale amene akukumbukira akadali moyo. Kaundulayo akaikidwa pa intaneti, mphunzitsi wa ku Lufita angathe kuthandiza gogo kupeza pa foni pamene mwana wawo anagona ku Misesa. Makhansala a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba angaike zimenezi mu bajeti ya chaka chamawa popanda kudikira lamulo latsopano.