Babu yowala kwambiri si mankhwala a magetsi oloza m'mitengo

Amalonda opikula tomato ku Jenda kapena mbatatesi ku Lizulu ndi ku Tsangano amayenda usiku kuti kukamacha katundu akhale ali pamsika. Ambiri akaona kuti msewu sukuoneka bwino amathamangira kukagula mababu a LED. Kawirikawiri ndalamayo imangotayika, chifukwa vuto silikhala babu koma komwe magetsiwo aloza.

Matumba akadzaza mu Probox kapena papikapu, kumbuyo kumatsika, kutsogolo n'kudzuka. Dimu imayamba kuwunika nthambi za mitengo, ndipo dalaivala wochokera kutsogolo amathobwa m'maso. Naye amabwezera fulu. Pa kanthawi kameneko onse awiri amayendetsa mongoganizira, chonsecho mu M1 akabaza ndi oyenda pansi amadutsa m'mphepete mwenimweni mwa phula. Babu yamphamvu pa nyali yoloza m'mwamba imangowonjezera vutolo, ndipo wamalonda amene katundu wake ndi wa ngongole ya banki m'khonde sangakwanitse kulipira ngozi.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa manambala kuyambira 0. Nambala 0 ndi ya galimoto yopanda katundu. Nambala ikamakwera, magetsi amatsika. Eni ena galimoto imachita kuwakalambira asanakakhudzepo.

Ngati kagudumuko palibe, kapena sikakuthandiza, ntchitoyi imatheka pakhomo madzulo. Chofunika ndi khoma, malo osapendekeka, choko, tepi yoyezera ndi sikuludiraiva. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira, kagudumu kakhale pa 0. Galimoto iyandikire khoma, ndipo palembedwe mzere wolingana ndi pakati pa nyali iliyonse. Kenako ibwerere m'mbuyo mowongoka mamita 10, dimu iyatsidwe. Malire a pamwamba a kuwalako ayenera kugwera masentimita pafupifupi 10 kunsi kwa mzerewo. Nyali zambiri zimalembedwa 1.0% kapena 1.2%, ndipo tanthauzo lake ndi limeneli. Zomangira zokweza ndi kutsitsa zimakhala kuseri kwa nyali, mkati mwa boneti. Nyali imodzi iphimbidwe ndi katoni pamene inayo ikukonzedwa.

Wonyamula katundu wolemera masiku onse ayezenso galimoto itapakira, poti ndi mmene imayendera usiku. Koma nyali yogwedera, yothyoka zogwirira kapena yomangidwa ndi waya siimva sikuludiraiva. Imeneyo ipite kwa makaniko tsiku la COF lisanafike.