Za Kuthandiza Mnyamata pa Masewera a Pamadzi m'Nyengo Yozizira

Ku Nyanja ya Malawi, m'malo ena ofikira alendo a ku Mangochi, kuli masewera amene Azungu awacha wakeboarding. Mnyamata aimirira cammbali pa thabwa lalifupi lomangidwa ku mapazi ace, nagwira cingwe, ndipo bwato la injini limkoka pamwamba pa madzi. Masewerawa anayamba kuchuka ku America m'zaka za m'ma 1980. Ana ambiri a ku Chirimba sanawaone, pakuti iwo asambira m'mitsinje ya kwao. Komatu malamulo a madzi ali amodzi, kunyanja ndi kumtsinje komwe.

Wamkulu wofuna kuthandiza mnyamata ayambe waona ngati adziwa kusambira, nambveke cobvala coyandamitsa. Phunziro loyamba licitike pamtunda. Amkhazike pansi, maondo opinda ndi mikono yoongoka, namkoke ndi cingwe kufikira ataimirira. Ophunzira ambiri agwa cifukwa afuna kudzikoka okha, koma nzeru yace ndiyo kulola bwato limuutse munthu. Maso apenye kutsogolo, si ku mapazi ai, ndipo bwato liyende pang'ono pang'ono. Wamkuluyo akonze colakwa cimodzi pa nthawi imodzi, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma pali mdani amene anyamata ampeputsa, ndiye cisanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Blantyre kugwa ciperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zocokera ku mapiri a ku Mozambique, ndipo kunyanja kuomba mwera, mphepo ya kummwera youtsa mafunde akuru. Madzi acotsa kufunda kwa thupi msanga koposa mpweya, ndipo thupi lonyowa likaombedwa ndi mphepo lizizira koposa. Mnyamata ayamba kunjenjemera, zala zace ziuma nizilephera kugwira cingwe, ndi mau ace samveka bwino. Pamenepo ngakhale wodziwa kusambira akhoza kumira.

Cifukwa cace m'nyengo iyi mnyamata ayambe wadya, alowe m'madzi dzuwa litakwera ndi mphepo italeka, ndipo asakhalitsemo. Akaturuka abvule zonyowa, adzipukute, apfunde bulangeti, namwe tiyi kapena phala lotentha.

Ena ati mwamuna weniweni sadandaula cisanu, naseka mnzao woturuka msanga. Mau amenewa ndi opusa, ndiponso ndi oopsa, pakuti mnyamata woopa kusekedwa abisa kunjenjemera kwace kufikira mphamvu zitamthera. Madzi saopa munthu wolimba mtima. Sitima ya Vipya inali yaikuru ndi yatsopano, koma pa 30 Julayi 1946 inamira m'namondwe wa panyanja, nafa anthu 145. Ngati sitima yacitsulo inagonja, nanga mwana wa pa thabwa adzatani?

Tsono wothandiza wabwino aphunzitsa zinthu ziwiri: kuimirira pamadzi, ndi kudziwa nthawi yakuturukamo. Mnyamata akanena kuti wazizidwa, amyamikire pamaso pa anzace, kuti iwonso asacite manyazi. Amene aturuka lero ali wamoyo adzabweranso mawa kudzaphunzira, ndipo pofika nyengo yotentha adzakhala katswiri.