Lole Yakale ndi Matope a Dzinja

Dzinja likafika, lole yakale yosenza chimanga kapena matabwa imasanduka mlendo wokhalitsa pa dambo. Matayala akumbuyo amazungulira pamalo amodzi nakumba dzenje, pamene akutsogolo angoima ngati mboni. Pamenepo mwini lole amayamba kulota za kuisintha kuti izikoka ndi matayala onse. Maganizo ameneŵa si oipa ayi, koma ntchitoyi njamasamu isanakhale ya nyundo ndi sipanala, ndipo amene amaiŵala zimenezi amataya lole ndi ndalama zomwe.

Luso limeneli nlakale. Kampani ya Marmon-Herrington, imene inakhazikitsidwa mu 1931 ku Indianapolis m'dziko la America, inatchuka chifukwa chotenga malole wamba a Ford ndi kuŵapatsa mphamvu ku matayala akutsogolo. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, dziko la South Africa linapanga magalimoto ankhondo pa mafupa a malole a Ford ochokera ku Canada, pogwiritsa ntchito zipangizo za kampani yomweyo. Anthu amenewo sankachita zongoyerekeza. Ankayeza chitsulo chilichonse asanachimange.

Nanga chofunika nchiyani? Ekiselo yakutsogolo, imene ntchito yake inali kungosenza ndi kukhota, imachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumaloŵa ina yokhala ndi difu yakeyake. Kuseli kwa giyabokosi amamangako bokosi lina logaŵa mphamvu ya injini paŵiri, shafuti ina kupita kumbuyo, ina kutsogolo. Kaŵirikaŵiri lole imayenera kukwezedwa kuti difu yatsopanoyo isamagunde kunsi kwa injini.

Pagona nkhani ndi apa. Tiyerekeze kuti difu yakumbuyo imafuna shafuti izungulire ka 6 kuti tayala lizungulire kamodzi, koma yakutsogolo, yotoledwa pa lole ina, imafuna ka 5. Shafuti ikazungulira ka 30, matayala akumbuyo azungulira ka 5, akutsogolo ka 6. Lole imodzi yasanduka ng'ombe ziŵiri za m'goli limodzi, ina yothamanga, ina yoyenda. M'matope matayala amaterereka ndipo cholakwacho chimabisika, koma pa nthaka youma zitsulo zimapotana mpaka mano a magiya kapena shafuti kuthyoka. Ngakhale matayala osiyana kukula amabweretsa vuto lomwelo. Mphunzitsi wa masamu amene ana amamufunsa kuti kuŵerengera kotere kudzaŵathandiza chiyani m'moyo, yankho lake lili pansi pa lole.

Ndipo ngakhale madifu afanane, lole ikamakhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Nchifukwa chake dalaivala wodziŵa ntchito amachotsa mphamvu ya kutsogolo akangokwera pa tala, pokhapokha bokosi logaŵalo likhale ndi difu yachitatu pakati.

Ena amati bwanji osangogula lole yobadwa ndi mphamvuyo, monga Bedford RL imene inayamba kupangidwira asilikali a ku Britain m'zaka za m'ma 1950. Ameneŵa sakulakwa. Kampani ya Bedford inaleka kupanga malole aakulu m'zaka za m'ma 1980, koma pamene lole yotere yapezeka, ngakhale yakufa injini, nkwanzeru kuukitsa iyo kusiyana ndi kusokerera ziŵalo za malole atatu osadziŵana. Kusintha kumayenera pokhapokha chesesi ili yolimba, yosadyedwa ndi dzimbiri, ndiponso ekiselo ndi bokosi zachokera pa lole imodzi.

Mnyamata wotsiriza sukulu amene akufuna umakaniko adziŵenso ichi, pakuti eni malole sakonda kuchimva: matayala onse akamakoka, lole imachoka m'matope, koma kuima kwake sikusintha. Imakhala yolemera kuposa kale, yataliko, ndi yosavuta kugubuduzika pokhota. Tsono asanaikweze katundu kutsika nayo chitunda cha Chiŵeta, makaniko ayambe wakonza mabuleki ndi chiwongolero, napita nayo kwa oyeza magalimoto kuti akaione.