Kodi Chachilendo N'chiti M'sitolo ya Amwenye?

Mmalawi akalowa m'sitolo ya Amwenye ku Limbe kapena ku Lilongwe amagula sopo, mafuta ndi shuga, koma akafika pamene pali madengu a masamba ndi zipatso amadutsa ngati waona njoka. Ukamufunsa amangoti, "Izi n'zawo, ife sitidya." Ine ndikuona kuti chimene chimatithamangitsa pamadengu amenewa ndi mayina basi, pakuti zambiri mwa ndiwozo n'zimene amayi athu amaphika kwathu kwa Champiti.

Tiyeni tiyang'ane m'dengumo. Chimene Amwenye amachitcha bhindi ndi therere lobala. Dudhi ndi mphonda, kungoti ife timaiwiritsa ngati maungu pamene iwo amaithyola ikadali yanthete n'kuiphika ngati ndiwo. Imli ndi bwemba, mtengo wa kuno ku Africa umene Aluya anautcha tamar hindi poganiza kuti kwawo ndi ku India. Timitengo tobiriwira tatitali tomanga m'mitolo ndi zipatso za cham'mwamba. Ife timadya masamba ake, zipatsozo n'kuzisiya ziumire mumtengo. Nakonso kwa Matchaina, amene masitolo awo anachuluka dziko lino litayamba ubale ndi China kumapeto kwa 2007, bonongwe ndi kholowa si zachilendo pambale.

Zachilendo zenizeni zilipo ndithu. Karela, chipatso chamanyamanya chooneka ngati nkhaka yodwala nthomba, ndinachilawa chokazinga ndi anyezi, ndipo chimawawa zoti munthu n'kutsinzina. Koma kodi ndife anthu oti tingathawe kuwawa? Tinakulira luni ndi chisoso. Gogo amene amanyambita chala pa luni wotendera sangagonje kwa karela, ndipo njira yake ndi yomwe ija: kuthira mchere, kufinya madzi owawawo, kenaka kuphika.

Chiyankhulo chathu chomwechi chimatitsutsa tikamati timadya zamakolo zokhazokha. Mawu akuti mbatata tinawatenga kwa Apwitikizi, amene amati batata. Mango anachokera ku India ndi mayiko oyandikana nawo. Chimanga, chimene timati ndiwo moyo, chinachokera ku America, ndipo akatswiri ena a mbiri amati dzina lake limatanthauza chinthu chochokera kugombe la nyanja yamchere. Chinangwa, tomato ndi mapapaya nazonso zinaoloka nyanja. Chitsanzo chimene chimandiseketsa ndi tchayinizi. Munthu yemweyo amene akuti sadya za Matchaina amagula mpukutu wa tchayinizi tsiku ndi tsiku, dzina la dzikolo lili pakamwa pake, iye osalimva. Makolo athu analawa zinthu zimene sanazidziwe, nazipatsa mayina a kalasi yoyenera, mpaka lero tikuzitcha zathu. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo iwo kalumoko anakalandira.

Mtunda umene ulipo pakati pa ife ndi madengu aja uli ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda linalamula amalonda a Chimwenye kuchoka m'madera a kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. Kuyambira pamenepo mwana wa ku Ntcheu amakula osaonapo mphika wa Mmwenye, ndipo akamuona amamuonera kuseri kwa kauntala. Anthu amene sadyera limodzi amapekerana nkhani, ndipo zakudya za mnzako ndizo zimayamba kunyozedwa.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni okhala ndi ndalama zoseweretsa. Zoona, mitengo ya m'masitolo amenewa si ya wophunzira wodalira ngongole ya boma, ndipo sindikuuza munthu kuti asiye nkhwani. Koma amene akuluza kwambiri ndi mlimi. Pitani pa Lizulu kapena pa Tsangano nthawi yokolola mukaone milu ya kabichi ndi tomato. Aliyense walima chimodzimodzi, ogula akutchula mtengo umene akufuna, zotsala zikuolera pambali pa msewu. Pamene zili chonchi, mphonda imene ikuyanga yokha pa nkhokwe ili ndi oifuna mumzinda, kungoti kumeneko imatchedwa dudhi ndipo mlimiyo sanamvepo dzinalo.

Nandolo anatiphunzitsa kale zimenezi. Alimi a ku chigawo cha kumwera akhala akumugulitsa kwa amalonda omutumiza ku India, kumene amamukonola n'kupanga dal, ndipo mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana kuti kwa zaka zisanu India azilola matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi pachaka. Nandolo yemweyo akabwera m'pepala la pulasitiki lolembedwa toor dal, ife timamudutsa pashelefu.

Pano ndiye pali ntchito ya ife ophunzira ziyankhulo. Timatha miyezi tikusanthula magulu a mayina ndi mawu obwereka, koma kandandanda kakang'ono koika bhindi pambali pa therere, imli pambali pa bwemba, m'Chichewa ndi m'Chigujarati kapena m'Chihindi, kangathandize mlangizi wa zaulimi kwa Champiti kuposa zambiri zimene timalemba pofuna malikisi. Kupanga kandandandako kumafuna kuti munthu aime padengu paja, afunse mwini sitolo dzina la chinthu ndi kaphikidwe kake, agule kamodzi, akalawe.