Mamita 25: mng'ono wanu akudikira inuyo

Malamulo a maphunziro kuno ku England amati mwana aliyense azitha kusambira mamita 25 asanamalize Year 6. Koma m'makomo mwathu muno mu Normanton, ana ambiri akulowa sekondale akuopabe madzi, chonsecho dziwe la Moorways, lomwe linatsegulidwa mu 2022, lili pompano mu Derby.

Ife makolo tili ndi mlandu. Mwana akalephera timangoti "limbikira", kapena "taona mwana wa uje akusambira ngati chambo". Mawu amenewa sauza manja ndi miyendo chochita. Akatswiri awiri, Edwin Locke ndi Gary Latham, anaonetsa kalekale kuti munthu amachita bwino akapatsidwa cholinga chodziwika, chovutirapo koma chotheka, kusiyana ndi kungomuuza kuti ayesetse.

Ife ogwira ntchito za makompyuta timaziona tsiku ndi tsiku. Pulogalamu yaikulu sitiilemba tsiku limodzi. Timaigawa m'tizigawo, n'kumayesa kalikonse tisanapitirire. Thupi la mwana limaphunziranso chimodzimodzi. Sabata ino aviike nkhope m'madzi mpaka muwerenge kufika pa 5. Sabata yamawa ayandame chagada. Kenako asambire mamita 5, kenako 10. Akakwanitsa, muuzeni chenicheni chomwe wachita bwino. Muyerekezeni ndi mmene analili dzulo, osati ndi mwana wa eni.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu. Funsani amayi anu za fulaye: wosewera amazinda mpira uku akudzaza botolo ndi mchenga, ndipo aliyense amaona ndi maso pomwe mchenga wafika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ena ati kuwerengera mwana chilichonse kumapha chisangalalo cha masewera. Akunena zoona ngati cholingacho chikhala chikwapu. N'chifukwa chake mwana azisankha nawo cholingacho, ndipo tsiku lomwe walephera pasakhale chilango.

Tikulembera inu achinyamata chifukwa ambiri mwa ife sitinaphunzire kusambira, ndipo mashifiti amatidyera Loweruka. Inu munakulira konkuno, mukudziwa kusungitsa malo pa foni, komanso mng'ono wanu amakumverani kuposa ife. Tsiku lina banja lonse lidzapita ku Mangochi kapena ku Senga Bay, ndipo nyanja sifunsa kuti mwanayu anabadwira kuti. Loweruka likubwerali, mtengeni. Mukayambire pa kuviika nkhope.