Shuga wa amfumu ndi ngongole ya ophunzira

Chaka chomaliza ku koleji chimabwera ndi kafukufuku, ndipo kafukufuku amamuchotsa munthu m'kalasi n'kukamuponya kumudzi. Wa ku Bunda amalowera cha ku Mitundu, wa ku Chanco amakwera minibasi ya ku Thondwe kapena ku Jali. M'chikwama muli kalata ya kusukulu, koma popanda mawu a mfumu palibe mayi amene angasiye khasu kuti ayankhe mlendo.

Ndiye amene anatsogola amakunong'oneza zimene aphunzitsi salemba pabolodi. Usayambe ndi mafunso ako. Pita kaye kwa mlangizi wa zaulimi, umuuze kuti dera lonse limamutchula bwino, iye akuperekeza kwa a gulupu. Mtsikana amange chitenje pamwamba pa thalauza, mnyamata avule chipewa. Akakupatsa mpando, uyambe wakana. Paketi ya shuga ndi mchere idzere kwa nduna, osati m'manja mwa mfumu. Ndipo pakamwa pasaume: "Gogo, mbiri ya mudzi wanu tinaimvera kusukulu konko." Chonsecho dzina la mudziwo waliona dzulo pamndandanda wa ku ofesi ya bwanamkubwa.

Kusyasyalikako ine sikundidetsa nkhawa kwenikweni. Mfumu si mwana. Yalandira ophunzira chaka ndi chaka, onse ndi mawu okoma omwewo, ndipo imangomwetulira poona kuti mwanayu ulemu akuudziwa. Shuga nayenso sindimuwerengera ku ziphuphu zimene bungwe la ACB, lobadwa ndi lamulo la 1995, limasaka. Chiphuphu chimaperekedwa kuseri, pomwe shugayu amatulidwa pabwalo anthu akuona, ndipo kufika kwa mfumu chimanjamanja n'kumene kungadabwitse mudzi. 

Pamene pali vuto ndi pa lonjezo. Pafupifupi wophunzira aliyense potsanzika amati, "Tikamaliza tidzabwera kudzakuuzani zimene tapeza." Ndi angati amabwerera?

Taonani zimene mudzi wapereka. Mfumu yatuma mnyamata khomo ndi khomo. Amayi achoka kumunda nthawi yopalira, akhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka akuyankha kuti mbuzi ali nazo zingati, chimanga chinatha mwezi uti, ana amadya kangati patsiku. Awa ndi mafunso amene ngakhale mlamu wako sungamufunse. Ena aphikira mlendoyo nsima ya nkhwani, mwina mpaka dzira. Iye akabwerera kusukulu, zonsezo zimalembedwa m'Chingerezi, zimamatidwa chikuto cholimba, n'kukagona pashelefu mu laibulale. Digiri yatuluka, chithunzi cha gauni chili pa Facebook, kumudzi kuja ziii.

Timakonda kunena kuti kupatsa n'kuika, koma apa woika ndi mudzi, ndipo sunatapepo kanthu. Amene amalipira ndi ophunzira a chaka chotsatira. Akangotsika panjinga ya kabaza, funso loyamba limakhala lakuti, "Alawansi ilipo?" Ife m'tauni timathamangira kunena kuti mabungwe anawononga anthu akumudzi ndi ndalama za misonkhano. Mbali ina n'zoona. Koma munthu amene wanamizidwa kangapo ndi alendo aulemu amaphunzira kulandiriratu zake mlendo asanachoke, ndipo ine sindimuona kulakwa.

Masukulu athu akuluakulu, UNIMA, LUANAR, Mzuni ndi enawo, angathe kukonza izi popanda kudikira thandizo la kunja. Wophunzira alembe tsamba limodzi m'chilankhulo cha anthu amene anawafunsa, Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, akaliwerenge pabwalo pomwe anatula shuga paja, ayankhenso mafunso awo. Mafumu ambiri ali ndi chidindo. Malikisi a kafukufuku asatuluke mpaka tsambalo litabwerera kusukulu lili ndi chidindo cha amfumu.