Mafuta akatayikira m'nyanja, adzathamange ndani?

Abale anga, nkhani yokumba mafuta pa Nyanja ya Malawi imandisowetsa tulo. Chiphaso cha Surestream chinatuluka 2011, nthawi ya Bingu wathu wakuno ku Thyolo, potsatira lamulo la 1983. Lakalekale!

Ku Mauritius mu 2020 sitima ya Wakashio inakhala pamiyala masiku 12, akuluakulu akudikira akatswiri akunja, mpaka mafuta anayamba kutayika. Anthu wamba ndiwo anasoka masaka, kuikamo masamba a nzimbe ndi tsitsi, kutchinga mafutawo.

Nanga kuno, komwe feteleza wotsika mtengo timamulandira chimanga chitamera kale? A MEPA tiuzeni lero: bwato lilipo? Adzasaine ndani? Paja usipa umene othyola tiyi amagula pa Bvumbwe akalandira malipiro umachokera m'madzi omwewo.